Nshawa za Amayi Pamsonkhano wa Adokotala

Ndikukumbukira chaka chimene Anaphiri anabwera ku Pembamoyo kudzapempha mavoti. Anali mwana wa kwathu konkuno, koma anakhala zaka zambiri ku tauni akufufuza matenda a mbewu. Tinkawatchula kuti adokotala, ngakhale sanabayepo munthu jakisoni.

Azimayi anagwirizana zowapatsa lichero la nshawa zoswa kale, ndipo anasankha za amayi anga chifukwa zinali zikuluzikulu. Kwathu tinkawaza nshawa madzi tisanaswe kuti makoko afewe, zala zisapweteke. Wokapereka mphatsoyo ndinali ine, nditadzola mafuta mpaka kuwala ngati poto watsopano.

Ndinagwada pafumbi lotentha, ng'oma zikulira. Ena onse ofuna mavoti ankangolandira, kuvina pang'ono, basi. Anaphiri anatapa nshawa, n'kununkhiza. Anathyola imodzi, nkhope n'kusintha. Mnyamata wawo wa kampeni anawanong'oneza kuti angothokoza, poti azimayi amenewa ndiwo mavoti a dera lonse. Iwo sanamumvere.

"Amayi anga, zikomo, koma nshawa izi zayamba chuku chifukwa cha madzi aja mumawaza. Chuku chimenechi ndi poizoni, chimapinimbiritsa ana. Chonde musawapatse."

Ng'oma zinaleka. Ine manyazi anandigwira, ndinalakalaka nthaka itandimeza ndi lichero lomwe. Amayi anandikoka dzanja, ndipo njira yonse ankalalata kuti sukulu yamuchotsa ulemu mwana wa eni. Chisankho chimenecho Anaphiri anagwa, ndipo kwathu tinadya nkhuku.

Koma nyengo yotsatira amayi anatiletsa kuwaza madzi. Ankati ndi nzeru zawo, ndipo palibe amene analimba mtima kuwatsutsa. Zala zathu zinatuluka matuza, ife tikutukwana adokotala chamumtima.

Anaphiri ataimanso, amayi analawirira wapansi kukavota, mwendo ukuwavuta. Ulendo umenewo adokotala anapambana, ndipo alangizi a zaulimi anayamba kufika ngakhale m'midzi yakutali ya ku Zemba.

Lero nshawa timaswa ndi makina, ndipo mwana wanga wamkazi akuphunzira sayansi popanda womuseka. Nditakula ndinawafunsa amayi chimene chinawatembenuza mtima. Anayamba akana kuti sanakwiyepo, kenaka anati:

"Ena aja ankaopa kutaya mavoti athu. Uja ankaopa kuti titaya iwe."