Purosesa Yatsopano ndi Zigoli za a Nyauhango

Loweruka lapitali ndinagonjanso kwa a Nyauhango. Tinkasewera mpira wa pakompyuta pabalaza panga pano pa Mlare, akazi anga ali chapakhomo akusenda matochi, nthochi zophika zija.

Amene mumawerenga danga lino mukudziwa kuti ndine mphunzitsi, kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo boma linandiponya kuno ku Karonga kalekale moti thukuta la kuno ndinasiya kulidandaula. Anzanga akaweruka ena amakakhala pa bawo, ena amakaziziritsa kukhosi. Ine changa ndi magemu. Kompyuta yanga ndinaimanga ngati nyumba ya munthu wogwira ntchito m'boma: chaka chino bokosi, chaka chinacho sikirini, zipangizo zina zochokera ku Mbeya, zina zondisiyira mnzanga amene anasamutsidwira ku Mzuzu. Si yokongola ayi, koma ndi yanga.

A Nyauhango ndi namwino, neba wathu, mayi wa ana atatu, kwawo ndi ku Wovwe. Tsiku lina anabwera kudzatigawira mpunga umene makolo awo anatumiza, n'kundipeza ndikukalipira sikirini. Anaima kumbuyo kwanga kwa kanthawi, kenaka anafunsa ngati tianthu tothamangato timamva ndikamatikalipira. Ndinawapatsa padi, kachipangizo ka mabatani kosewerera kaja, n'kuwaonetsa batani lopatsira mpira ndi lomenyera. Miyezi yoyamba ndinkawachinya mpaka kuwamvera chisoni. Kenaka tinayamba kufanana mphamvu. Chiyambire mvula yapitayi, ine kupambana ndimangokumva kwa anthu.

Komatu kompyuta yangayi ili ndi vuto lenileni, sindikupeka. Mpira ukafika pafupi ndi golo, osewera akaunjikana, chithunzi chimachita chibwibwi. Chimaima kaye pang'ono, kenaka n'kulumpha, ndipo umangozindikira mpira uli kwina. Loweruka lija womwetsa zigoli wanga anatsala ndi goloboyi yekha. Ndinadina batani, chithunzi chinaima, ndipo chitayambanso kuyenda mpira unali ukugubuduka kunja. Ndinaponya padi pampando n'kulengeza kuti vuto ndi purosesa, ndiye kuti ubongo wa kompyuta, kachitsulo kochepa ngati bisiketi kamene kamawerengera zonse zochitika pasikirini. Ndinati yanga yakalamba, ndipo tsiku limene ndidzaike yatsopano, anthu ena a ku Wovwe adzasiya kuyenda monyang'wa.

A Nyauhango anangomwetulira. Iwo amanditchula m'Chitumbuka, asambizgi, kutanthauza aphunzitsi.

“Asambizgi, kompyutatu ndi imodzi yomweyi. Kapena chibwibwicho chimasankha mbali?”

Akazi anga anaseka mpaka kugwetsa mpeni. Ine sindinaseke.

Tsiku lotsatira, titachoka kutchalitchi, ndinakhalira foni. Mukudziwa momwe zimakhalira munthu ukafuna chinthu. Makanema onse amene ndinaonera ankandiuza zomwe mtima wanga unkafuna kumva. Anyamata a kunja, okhala m'zipinda zowala mitundumitundu, ankaonetsa magemu akuyenda ngati madzi a mumpope. Pofika madzulo kompyuta yanga ndinkaiyang'ana ngati ngolo yothyoka gudumu.

Popeza sukulu tatsekera, Lolemba ndinakwera minibasi kupita kuboma kukaonana ndi a Mwakilama, amene ali ndi kashopu ka zipangizo za makompyuta ndipo amakapikula katundu kutsidya kwa Songwe. Anandilandira ndi “karibu mwalimu” wawo wa masiku onse, moni wa Chiswahili wolandirira mphunzitsi, nanditulutsira kabokosi kokhala ndi purosesa yatsopano. Ndinakagwira ndi manja awiri ngati mwana wakhanda.

Kenaka anayamba kufotokoza. Anati purosesayo singalowe pa bolodi yanga, chithabwa chimene zipangizo zonse zimalumikizidwapo, chifukwa mabowo ake ndi osiyana, choncho pafunika bolodi yatsopano. Bolodi yatsopanoyo siigwirizana ndi ramu yanga yakale, kachipangizo kamene kompyuta imakumbukirira zomwe ikuchita, choncho pafunikanso ramu ina. Purosesa yamphamvu imatentha, ndipo ndi dzuwa la ku Karonga lino pafunika fani yaikulu, apo ayi ndidzakazingirapo mazira. Anayang'ananso chithunzi cha m'kati mwa kompyuta yanga pafoni, napukusa mutu, n'kunena kuti kabokosi kogawa magetsi nakonso n'kokayikitsa.

Walira mvula walira matope. Ndinapita kukafunsa kachitsulo kamodzi, ndinabwerako nditauzidwa kuti chotsala cha kompyuta yanga yakale chikhala bokosi ndi chingwe cha kukhoma.

Kunyumba nkhani inali ina. Akazi anga akhala akupempha firiji kuyambira pamene tinafika kuno, ndipo chaka chino ndinalonjeza pamaso pa alamu anga kuti firiji ibwera. Amene munakhalako kuno m'mwezi wa Okutobala mukudziwa kuti firiji si chinthu chodzionetsera. Madzi a mumtsuko amakhala ngati ofuna kupangira tiyi, ndipo nsomba ukagula m'mawa imayamba kukupatsa moni isanakwane nthawi ya nkhomaliro. Zinthu ziwirizi sizikanatheka chaka chimodzi. Ndinayesa kufotokoza kuti firiji ikhoza kudikira nyengo yozizira, pamene purosesa a Mwakilama anali nayo imodzi yokha.

Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, osandidula. Kenaka anafunsa ngati a Mwakilama ali ndi kompyuta yokhala ndi purosesa yoteroyo pashopu pawo. Ndinati ali nayo, ndiyo amaonetsera makasitomala.

“Ndiye tengani a Nyauhango mukasewere kumeneko, bambo a Chisomo. Mukapambana, gulani chitsulo chanucho, ine ndizimwabe madzi ofunda. Mukagonja, tikasankhe firiji.”

Ndinavomera msangamsanga, kuopa kuti angasinthe maganizo. Mumtima ndinkati mayiyu wadzitchera yekha msampha.

Lachitatu a Nyauhango anali pa ofu, ndiye tinanyamukadi atatu. A Mwakilama atamva za mgwirizanowo anasangalala kuposa ine. Anapukuta mpando, anandipatsa padi yatsopano yochotsa m'pepala, n'kundiyatsira fani kumsana. A Nyauhango anawapatsa padi yakale yomata ndi tepi. Munthu wamalonda amadziwa mbali imene kuli phindu lake. Akabaza amene amaima pafupi ndi shopuyo anatsamiritsa njinga zawo n'kudzaza pakhomo, ndipo mayi wina wogulitsa mbalaga, matochi ophika ndi nyama, anasiya poto wake m'manja mwa mnzake kuti adzaone mzimayi akusewera mpira ndi mwamuna.

Abale, kompyuta ija inali yokoma. Udzu wa pabwalo unkaoneka umodziumodzi. Osewera ankathamanga mosadodoma, malaya akuuluzika ndi mphepo. Ndinapatsira mpira kawiri katatu, ndinamva mumtima kuti moyo ndi umenewu, zaka zonsezi ndakhala ndikuzunzika chabe.

Ndili m'kati moyamikira udzu, a Nyauhango anamwetsa chigoli.

Ndinati n'chifukwa sindinazolowere padi. Anamwetsa china. A Mwakilama anayamba kundilangiza m'Chiswahili, m'Chinkhonde ndi m'Chichewa nthawi imodzi, thukuta lili kamukamu ngati wosewerayo ndi iwo. Akabaza, amene poyamba anali mbali yanga monga amuna anzanga, anasamuka mmodzimmodzi. Pofika chigawo chachiwiri ankaimba m'manja mpira ukangofika kwa a Nyauhango. Sindikuuzani kuti zigoli zinakwana zingati, chifukwa ana amene ndimawaphunzitsa nawonso amawerenga nyuzi. Ndingonena kuti kunyumba kwanga sindinagonjepo chotere.

Tinabwereza, poti ndinapempha. Zinaipiraipira.

Titamaliza, a Nyauhango anaika padi pathebulo mwaulemu, nathokoza a Mwakilama. Ndinawafunsa kuti zatheka bwanji, popeza kunyumba timasiyana ndi chigoli chimodzi kapena ziwiri basi.

“Kwanu kuja, asambizgi, ndikafika pagolo chibwibwi chimandigwira miyendo, ndiye otchinga anu amandipeza. Kuno kulibe wondigwira.”

Ndinayamba kuwerengera mumtima. Mpira nthawi zambiri umakhala kugolo kwanga, osati kwawo. Ndiye kuti chithunzi chikaima kakhumi, kasanu ndi kanayi chimaimira iwo. Purosesa yokalamba imene ndinkaitukwana ija ndiyo inali wotchinga kumbuyo wanga wokhulupirika, ndipo ndinatsala pang'ono kumana akazi anga firiji kuti ndimuchotse ntchito.

A Mwakilama sanataye nthawi ndi ine. Anatembenukira kwa a Nyauhango n'kuyamba kuwauza kuti munthu waluso chotere ayenera kukhala ndi kompyuta yakeyake. Iwo anayankha kuti yayi, ali nayo kale yaulere kwa aneba.

M'minibasi pobwerera akazi anga sananene chilichonse chondinyoza. Anangofunsa a Nyauhango, mokweza ndithu, ngati firiji ya zitseko ziwiri imasunga bwino nsomba kuposa ya chitseko chimodzi.

Ndakhala ndikuganiza za khalidwe limeneli, chifukwa si langa ndekha. Timu ya m'mudzi ikagonja, mumamvapo wina akunena kuti sitinakonzekere? Bwalo linali ndi mabampu, woimbira anadya za eni, mpira unali wopepuka. Mwana akalephera mayeso, cholembera chinkadukiza. Ife aphunzitsi ana akalephera, mabuku ndi ochepa. Mukapita ku ofesi kukafuna thandizo, amakuuzani kuti netiweki yavuta, pamene munthuyo foni yake ili m'manja akuonera makanema pa netiweki yomweyo. Wina amasintha foni chaka chilichonse ati kamera siijambula bwino, osafunsako ngati vuto si nkhope yosamwetulira.

Ndipo amalonda anatidziwa. Sagulitsa chitsulo ayi, amagulitsa chiyembekezo chakuti ukangogula ichi, iwe amene uja usanduka munthu wina. Ine sindinkafuna purosesa kwenikweni. Ndinkafuna kuti a Nyauhango azituluka m'nyumba mwanga atazyolika. Kodi zimenezo zimagulitsidwa m'kabokosi?

Musandimve molakwa. Nthawi zina chipangizo chimakhaladi ndi mlandu. Mabuku m'sukulu zathu ndi ochepadi. A Nyauhango omwewo akhoza kukuuzani momwe ntchito yawo imavutira chipangizo choyezera chikafa, ndipo pamenepo luso lokha silikwanira. Nayonso purosesa yanga ndi yakaledi, magemu ena atsopano imangowayang'ana n'kukana kutsegula. Tsiku lina ndidzaisintha, ndipo tsiku limenelo ndidzanena chilungamo kuti ndikugula chifukwa ndikuifuna, chifukwa udzu uja unandisangalatsa, osati chifukwa ikandimwetsera zigoli.

Chimene ndaphunzira kwa akazi anga n'chakuti musanagule, kayeseni kaye. Bwerekani chinthu chatsopanocho kwa ola limodzi, muchite nacho chomwe mumati chakale chimakulepheretsani. Mukachita bwino, gulani ndi mtima woyera. Mukalepherabe, mwapulumutsa thumba lanu, ngakhale ulemu wanu utatsalira pakhomo pa shopu pamaso pa akabaza.

Firiji tikukasankha kumapeto kwa mwezi. A Mwakilama, poona kuti malonda apita, anandiuza mwaulere kuti ndikapemerera fumbi la m'bokosi ndi kuchepetsa mithunzi ndi anthu oonerera mu gemuyo, chibwibwi chichepa kwambiri popanda kugula kanthu. Fumbilo sindinalichotsebe. Ndikuganizira kaye, chifukwa munthu sachotsa wotchinga wake wabwino masewero akubwera Loweruka. A Nyauhango nawo adzipereka kuti azindiphunzitsa madzulo a Lachisanu, ndipo akuti tiyambire pa batani lopatsira, popeza ine mpira ndikaugwira ndimafuna kudutsa anthu onse ndekha. Ndavomera, koma ndawapempha kuti pophunzitsapo tizitseka chitseko.

Nanga inu, chinthu chija mwakhala mukuchiloza chala chaka chonse, kaya ndi foni, kaya ndi njinga, kaya ndi abwana anu, atakusinthirani mawa m'mawa n'kukupatsani chatsopano, mwakonzeka kuona chimene chinkakubisirani?