Beseni Limene Silinalembedwe

Akhristu anzanga, pa tsamba lino la parishi tili ndi chizolowezi cholemba za anthu amene atisiya ngati kuti anali angelo asanamwalire n'komwe. Kwa Amayi a Beseni sindichita zimenezo, chifukwa akadamva akadandikoka khutu. Mayi ameneyu anali wopemphera, wolimbikira ntchito, wa manja ofewa kwa odwala, komanso anali ndi nsanje yosaneneka. Eni ake sankabisa. Ankati, "Ena Mulungu anawapatsa nyamakazi, ine anandipatsa mng'ono wanga."

Anabadwa oyamba m'banja la kalipentala, m'kanyumba ka kuseri kwa shedi yopaliramo matabwa. Pambuyo pawo panabwera mng'ono wawo, mwana wosalala, wochangamuka, woti akalowa m'chipinda anthu ankaiwala zimene amakamba. Diresi loyera limene amayi awo anasoka la tsiku lolandira Ukaristia koyamba, atavala iwo anthu anangoti lawakwana. Litafupikitsidwa n'kuvala mng'onoyo, anthu anathamangira wojambula zithunzi. Chithunzicho chinakhala pakhoma zaka zonse, ndipo wopukuta fumbi pa galasi lake anali iwo.

Asanamalize sukulu amayi awo anafa ziwalo mbali imodzi. Panafunika mwana mmodzi wokhala pakhomo, ndipo panalibe amene anavutika n'kufunsa kuti akhale ndani. M'chipinda cha amayi awo odwalawo ndi mmene Amayi a Beseni anaphunzirira kusambitsa wodwala, ndipo kasambitsidwe kake sanakasinthe mpaka ukalamba. Madzi ankawayesa ndi chigongono, osati dzanja, poti dzanja la munthu wogwira ntchito limanama. Ankayamba nkhope. Ankavundukula chiwalo chimodzi chokha, thupi lonse lili chifundire, uku akung'ung'udza nyimbo kuti wodwala asamve manyazi. Ankamalizira mapazi, n'kupukuta pakati pa zala chimodzichimodzi. Nthawi imeneyo mng'ono wawo ankabwera pa holide ndi masatifiketi, n'kuima pakhomo pa chipindacho atagwira mphuno.

Amayi a Beseni anakwatiwa ndi makaniko wa mabasi, munthu wosalankhula zambiri, ndipo iwo anapeza ntchito yosita pa shopu yochapa zovala. Mwana sanawapatse Mulungu. Analira, anasala, anachita manovena, koma ayi ndithu. Mng'ono wawo, amene pofika apa anthu ankamutcha Adona chifukwa cha mashopu ake a makatani ndi mipando, anabereka mtsikana asanapemphe n'komwe, ndipo anadandaula kuti mimba yamusokonezera maulendo okagula katundu. Khandalo analisiya kwa akulu ake kuti alisunge mpaka bizinesi ikhazikike. Bizinesiyo inatenga zaka kuti ikhazikike, moti mwana anamera mano, anayenda, anayamba sukulu ali m'manja mwa amayi ake aakulu. Bambo wa mabasi uja atamwalira, kamtsikanako ndi kamene kanawachititsa kudzuka m'mawa.

M'zaka zimenezo ndi mmene anayambira kuyendera odwala Loweruka lililonse, iwo ndi amayi ena awiri a m'parishi muno. Ankayenda pansi, beseni loyera lothothoka m'mphepete lili m'khwapa, kamtsikana kali pambuyo ndi sopo ndi thaulo. Dzina lija linachokera pamenepo. Ankalowa m'nyumba zimene ngakhale abale ankangosuzumira pawindo. Mtsikanayo anakula akutenthetsa madzi, kenaka akugwira thaulo, kenaka akusambitsa yekha.

Mtsikanayo atafika ku sekondale, Adona anabwera pa galimoto kudzamutenga. "Achemwali, mwachita zazikulu, tsopano mupume," anatero. Amayi a Beseni analongedza zovala za mwanayo atazisita bwinobwino, nam'perekeza mpaka pa msewu akumwetulira. Atabwerera m'nyumba anaponya simbi pansi mpaka chogwirira chinathyoka, ndipo mawa lake anakalapa.

Koma mtsikanayo sanasiye Loweruka lake. Ali ku koleji, ngakhale atayamba ntchito ku banki, ankabwerabe. Ndi iye amene anakopa achinyamata kulowa m'gululo, n'kukonza zoti aliyense adziwe nyumba zake, n'kuchonderera amayi ake mpaka anapereka galimoto yakale ya ku shopu. Galimotoyo inabwera dzina la shopu lili lolembedwa mbali zonse ziwiri. Amayi a Beseni ankakwera, koma ankakhala moyang'ana pansi.

Tsono linafika tsiku limene iwo ankalitcha mayeso awo aakulu. Mtsikanayo anafuna malo ku sukulu yapamwamba ya bizinesi, ya kutali, yolandira anthu ochepa. Pofunsira malo ankayenera kulemba chimangirizo chofotokoza zimene amachita kunja kwa kalasi ndi ntchito. Adona anaitana mlangizi wodziwa zimenezi, bambo wa magalasi ndi laputopu. Masana amenewo Amayi a Beseni anali atabweretsa makatani osita, ndipo ankawapachika m'chipinda chodyera, chitseko cha pabalaza chili chotsekula.

"Alembe za tenesi," anatero Adona. "Ndinamulipirira kalabu zaka zingapo."

"Tenesi alemba onse, mayi, ndi kwaya yomwe," anayankha mlangiziyo. "Anthu aja safuna kumva zinthu khumi. Akufuna chimodzi chimene mwana anachigwira osasiya, mpaka chinasintha chifukwa cha iye. Ndipo asanamepo, amaimba foni kufunsa."

Mtsikanayo anati analemba kale za Loweruka, ndipo anayamba kuwerenga. Ndime yoyamba inali ya beseni, ya chigongono m'madzi, ya amayi ake aakulu akung'ung'udza nyimbo. Kuseriko Amayi a Beseni anaima pa mpando katani ili m'manja, mtima uli myaa, osafuna ngakhale kupuma.

Mlangizi anamvetsera mpaka kumapeto. "Nkhani ndi imeneyi," anatero. "Koma mawu achuluka kuposa amene alola. Ndime yoyambayi ndi yokoma, kungoti ikutamanda amayi ako aakulu, pamene wofuna malo ndiwe. Ichoke. Yambira pamene unapeza gulu lofooka, n'kubweretsa anthu, n'kupeza galimoto. Utsogoleri uli pamenepo."

"Koma ndi iwo anandiphunzitsa," anatero mtsikanayo.

"Ukawathokoza kunyumba. Apa ukupempha malo."

Kenaka Amayi a Beseni anamva kabatani ka laputopu kakulira. Pamene mtsikanayo ankawerenganso, beseni munalibe. Munali achinyamata, munali nyumba zimene zinawonjezeka, ndipo kumapeto kunali mawu othokoza amayi ake omubala, amene anamuwonetsa kuti chifundo chopanda mawilo sichifika patali. Adona anaomba m'manja. Amayi a Beseni anamaliza kupachika makatani, chifukwa ntchito sankaisiyira panjira, natulukira khomo la kukhitchini osatsanzika.

Nsanje imene anali nayo masiku otsatira inali yowawa kuposa ya diresi, kuposa ya mimba. Inawalanda chakudya. Pa Misa ankati akafika pa mawu oti monga ifenso tikhululukira adani athu, pakamwa pankangouma. Munthu amene sanagwirepo phazi la wodwala, ankadziuza, ndiye wakawerengedwa ndi aphunzitsi akutali ngati mayi wachifundo. Anam'tenga mwana, tsopano watenganso Loweruka. Mtsikanayo atabwera kudzapepesa, anamuyankha kuti, "Palibe kanthu, mwanawe," ndi mawu oti aliyense akadamva kuti kanthu kalipo.

Tsiku lina m'mawa akupinda nsalu za paguwa, Bambo Mfumu anawaitanira mu ofesi. Pa foni panali mayi wa ku sukulu ija. "Wodziwa bwino za gululi ndi awa," anatero Bambo Mfumu, nawapatsa foni.

Mayiyo analankhula mwaulemu. Anati ofunsira ambiri amakuza zinthu, ndipo akapeza kuti wina wawonjezera, pempho lake amaliika pambali. "Mtsikanayu walemba kuti gulu lanu linali lofooka mpaka iye analidzutsa, mothandizidwa ndi amayi ake. Kodi ndi zoona?"

Mawu anali okonzeka kale pa lilime, poti anali atawaphika sabata yonse. Akadangonena kuti gululo linalipo mwanayo asanadziwe kupukuta mamina, kuti amayi akewo sanapondepo m'nyumba ya wodwala, kuti galimotoyo inali yotsatsira makatani. Palibe bodza limene likadatuluka. Mng'ono wawo akadachita manyazi kamodzi m'moyo, ndipo mwanayo sakadapita kutali, akadakhala pompano Loweruka lililonse. Anazifuna zimenezo ndi mtima wonse. Anayang'ana mtanda wa pakhoma la ofesi, osati mwachikondi, koma ngati munthu woyang'ana amene wamugwira dzanja ali pafupi kumenya.

"Ndi zoona," anatero. "Tinali amayi atatu a mawondo owawa. Tinkafika pamene miyendo yatifikitsa. Mwanayu anabweretsa anzake, anagawa ntchito, ndipo sajomba. Akasambitsa nkhalamba, nkhalambayo imafunsa kuti abweranso liti."

"Nanga amayi ake?"

"Anatipatsa galimoto. Popanda iyo, a kutsidya kwa njanji akadafa osasamba."

"Zikomo kwambiri. Inuyo ndinu ndani m'gululi?"

"Ndine mmodzi wa amayi atatu aja."

Atabweza foni, Bambo Mfumu anati, "Mayi, mwachita chinthu chokongola." Iwo anayankha kuti, "Musandiyamikire, Bambo, m'kati muno ndikutukwanabe." Anabwerera ku nsalu zawo.

Mtsikanayo anapeza malo. Pa phwando lotsanzikana Adona analankhula nthawi yaitali za mmene analerera mwana wodziwa kuthandiza anthu, ndipo Amayi a Beseni anatsuka matambula. Za foni ija sanauze mwanayo. Tisaname kuti nsanje inatha tsiku limenelo. Inakalamba nawo limodzi. Chithunzi cha mtsikanayo atavala gauni, ali pambali pa Adona, anachipachika okha pakhoma, ndipo ankachipukuta akung'ung'udza zosakhala nyimbo. Koma ankapempherera mng'ono wawo tsiku ndi tsiku, pomutchula dzina. Ankatiuza kuti, "Sindinapemphe kuti Mulungu andichotsere, ndinangopempha kuti isalume munthu."

Anayendera odwala mpaka miyendo inakana. Kenaka anagona iwo, m'chipinda chawo, beseni lili pansi pa bedi. Amayi a m'gulu tinkasinthana kuwasamala, ndipo ankatidzudzula kuti madzi tikuyesa ndi dzanja.

Tsiku lawo lomaliza mtsikana uja anafika, tsopano ali bwana wa kampani, atatsagana ndi Adona amene anabwera ndi maluwa ndi zipatso zoti wodwalayo sakadatha kudya. Bambo Mfumu anali atawadzoza kale m'mawa. Mtsikanayo anavula jekete ndi wotchi, anakoka beseni, anatenthetsa madzi. Amayi a Beseni anamuyang'ana akupinda mkono wa bulauzi, n'kuviika chigongono. Anayamba nkhope. Anavundukula mkono umodzi, thupi lonse lili chifundire, ndipo anayamba kung'ung'udza nyimbo yomwe ija, molakwitsa pamalo pomwe iwo ankalakwitsa.

"Izi sunalembe," ananong'ona mayiwo.

"Ndinalemba, amayi. Ndinafufuta ndi dzanja langa, ndipo zimandiwawabe."

"Zinafufutika pa pepala pokha."

Adona anali ataima pakhomo, maluwa ali m'manja, monga ankaimira pakhomo pa amayi awo kalekale. Koma ulendo uno sanagwire mphuno. Ankayang'ana manja a mwana wake akuyenda pa thupi la akulu ake, manja odziwa chinthu chimene iye sanawaphunzitse, ndipo nkhope yake inagwa. Amayi a Beseni anaizindikira nkhopeyo msanga, poti anakhala akuiona pa galasi moyo wawo wonse. Anaidikira zaka zonsezi kuti aione pa mng'ono wawo, ndipo itabwera sinawakomere.

"Iwe," anaitana. "Ika maluwawo pansi. Bwera ugwire beseni, madzi angatayike."

"Achemwali, ine sindidziwa."

"Mwana wathu akuonetsa. Bwera."

Adona anagwada pa simenti ndi siketi yake yodula, nagwira beseni ndi manja awiri. Atafika ku mapazi, mtsikanayo anapatsa amayi ake thaulo, nawauza kuti apukute pakati pa zala chimodzichimodzi. Anapukuta akulira. Amayi a Beseni anatseka maso, nati madzi ali bwino. Anagona tulo, ndipo dzuwa lisanalowe anapita kwa Ambuye mwakachetechete, ali oyera, atafunda.

Beseni lija lili mu ofesi ya parishi, ndipo limatuluka Loweruka lililonse. Amene amalinyamula masiku ano ndi mayi wina wachikulire wa mashopu a makatani, amene amaiwalabe n'kuyesa madzi ndi dzanja. Mzimu wa Amayi a Beseni uuse mu mtendere, ndipo ife amene tili ndi athu otiwawitsa mtima tiphunzire kuwaitana kuti adzagwire nafe beseni.