Mvula ya a Paison

A Paison Nyakamera anafika kuno ku Mzuzu mu 1974 kuchokera ku Chikwawa, atanyamula nyundo, lumo lodulira malata ndi pemphero limodzi. Ankakhoma ndowa pamsika. Kuwerenga sankadziwa, kuimba sankatha, koma m'kampingo kathu ka ku Salisbury Lines pemphero lotsekera linali lawo, ndipo ankalinyadira kuposa jekete lawo.

Analiphunzira kwa bambo awo, ndipo silinkasintha: "Atate, tathokoza potisonkhanitsa. Amene sanathe kufika muwafikitse sabata yamawa. Odwala muwakhudze. Tipatseni mvula, Atate, nthaka yauma. Mutiyendetse bwino pobwerera."

Ku Chikwawa mawu amenewo ndi oona. Koma Salisbury Lines ndi dambo. Mu Epulo 1978 mvula inagwa masabata awiri osaleka. Tinkapemphera mapazi titasanjika pa njerwa, achule akuvomereza pansi pa benchi, a Paison n'kumati nthaka yauma.

Titatuluka, a Winifred NyaChirwa a ku Nkhata Bay, amene khitchini yawo inali itagwa, anawaimika pakhomo.

"Yewo chomene, adada. Nkhuku zanga zikugona pamwamba pa kabati. Tigule ndowa zingati kuti muleke?"

"Amayi, ine ndimangopemphera."

"Vuto lake ndi lomwelo. Kumwamba amakumverani."

Ine ndinali mkulu wa mpingo, ndipo bodza sindilola, ngakhale lonena munthu atatsinzina. Ndinawauza kuti achotse mawu a mvulawo, apo ayi pemphero tipatsa a Amos, mkhristu mnzathu amene ankalikhumbira.

Sabata yotsatira anayesa. Atafika pa odwala anaima. Anayambiranso, kufika pa odwala, kuimanso. Tsiku limenelo odwala anakhudzidwa kanayi. Pempherolo linali ngati ulalo wa mitengo: kuchotsa umodzi, munthu saoloka. Anakhala pansi osafika pa Ameni, a Amos akukonza kale kukhosi.

Lachitatu ndinawapeza pamsika, nyundo ili pansi.

"Kodi nthaka imeneyi yauma kuti?" ndinawafunsa.

"Kwathu, akulu. Chaka ndi chaka."

"Ndiye tchulani malo. Kalata yopanda adiresi imagwera aliyense."

Lamulungu ndinawapatsa mwayi wotsiriza. Anadutsa odwala bwinobwino, nati, "Tipatseni mvula, Atate, nthaka yauma," adiresi n'kuiwala. Ndinali nditatsegula kale diso limodzi kuti ndikodole a Amos pamene a Winifred anakuwa kuchokera kumbali yokhala amayi:

"Ku Chikwawa!"

"Inde, Atate, ku Chikwawa," anatero a Paison, naoloka mpaka pa Ameni.

Bodza panalibenso, choncho pemphero linakhala lawo mpaka anamwalira mu 1989. Kuyambira tsiku lija mpingo wonse unkadikira mvulayo ndi kuyankha pamodzi, ngakhale Atumbuka amene sanapitepo kupyola Kasungu. A Amos atalowa m'malo anatenga pemphero lonselo, ndi Chikwawa yemwe.

Mvula ya ku Mzuzu sinachepe ngakhale dontho. Zimenezo sindinganame.