Khadi ya Mafani Atatu ya a Zondwayo

A Zondwayo, alamu anga, anakulira kubusa ku Edingeni, ndipo mpaka lero chilichonse amasankha ngati ng'ombe ya malowolo. Njinga, wailesi, ngakhale achemwali anga: bola thupi.

Pano ali ndi kashopu ka magemu m'tauni ya Mzimba. Muli kompyuta imodzi yokalamba, yoti ukamasewera gemu ya mpira, goloboyi akadumpha amatsakamira m'malere ngati waiwala chimene wadumphira. Wokonza makompyuta anawauza kuti vuto ndi khadi yoyendetsa zithunzi, ndipo anawalozera kakhadi kakang'ono koyenerana ndi makina awo.

"Kameneko n'kathole, kamwana ka ng'ombe," anatero a Zondwayo. Pomwepo anaimbira foni mng'ono wawo ku Joni. "Iwe Goodluck, unditumizire yaikulu chomene, ya mafani atatu!"

Inabweradi pa lole ya katundu, itakulungidwa m'bulangete. Anainyamula kuti amve kulemera kwake, anaisisita pamsana, n'kumwetulira. Koma m'bokosi la kompyuta inakana kulowa. Iwo osadandaula, anabwereka sowo n'kucheka bokosilo. Italowa anayatsa. Mafani aja anazungulira kamodzi, inveta ya magetsi a sola inalira chifukwa cholemedwa, mbwenu shopu yonse zii.

Lero khadiyo ili kunyumba m'kabati ya galasi, pakati pa mbale za alendo, ataifunditsa kansalu koluka. Mlendo aliyense amamutulutsira kuti nayenso ainyamule, agome. Kushopu goloboyi uja adakali m'malere, ndipo fumbi likungolowera pamene anacheka paja.

Ng'ombe ndiye yonenepa ndithu, alamu. Mkaka wokha ndi umene sitinauone.