Bashi Dennis ndi Mipikisano Itatu

Ku msika wa Bwacha, kuseri kwa mzere wa ogulitsa makala, kuli kasitolo ka malata ka a Sailas Mkandawire, osoka nsapato. Dzina lakuti Sailas limamveka ku tchalitchi kokha. Ife tonse timawaitana Bashi Dennis, monga timachitira kuno ku Kabwe, popeza mwana wawo woyamba ndi Dennis. Ine ndine Clara, telala, ndipo makina anga akhala moyang'anizana ndi benchi yawo kwa zaka zambiri. Zina mwa zimene ndikunenazi ndinaziona ndekha, zina ndinazimva kwa akazi awo, Amake Dennis, amene sadziwa kubisa nkhani.

Atate a Bashi Dennis anachokera ku Mzimba, ku Malawi, kudzagwira ntchito mu mgodi wa mtovu. Bashi Dennis anabadwira m'komboni ya mgodiwo, nawonso anagwiramo pang'ono, ndipo utatsekedwa anagula nyundo, guluu ndi ulusi n'kukhala pansi pa mtengo. Ku Mzimba sanapondeko. Chitumbuka chimawatuluka pokhapokha akadzimenya chala ndi nyundo.

Kuthamanga anakuyamba atapitirira zaka makumi asanu, nesi wa ku kiliniki atawauza kuti magazi awo akuthamanga kwambiri. Anayamba ndi kuyenda ndawala m'mamawa, kenako kathamangidwe kakang'ono, atavala nsapato za salaula, zovalidwapo kale, zimene anaziikira okha mataya atsopano kunsi. Makondakitala a minibasi ankawakuwa kuti, madala mukuthawa ndani, koma patapita chaka anayamba kuwalizira hutala ya moni. Amake Dennis okha ndiwo sanasinthe maganizo. Ankati munthu wamkulu wa imvi kumaonetsa mawondo pamsewu ndi chinthu chimene iwo sanalonjeze kupirira pa tsiku la ukwati.

Vuto la Bashi Dennis ndi limodzi: sadziwa kukana. N'chifukwa chake mwezi wa Julaye chaka chatha anapezeka kuti avomera mipikisano itatu, iwiri Loweruka, umodzi Lamulungu.

Umene anavomera poyamba unali wa Lamulungu, ndipo unali wa mnzawo, a Suzgo Nyirongo. Awiriwa anakulira limodzi m'komboni. A Suzgo anasiya kuona pamene matenda a shuga anawawononga maso, ndipo ankakhala kwa mchemwali wawo ku Chililalila, tsiku lonse pakhonde ndi wailesi. M'mawa wina anamva mapazi a mnzawo akudutsa, anawaitana, n'kuwapempha kuti tsiku lina adzawatenge. Bashi Dennis anadula lamba wakale, anasoka zogwirira mbali zonse ziwiri, ndipo kuyambira pamenepo ankathamanga awiri, wina akunena za maenje ndi miyala, wina akumvera. Atazolowera, a Suzgo anati akufuna mpikisano weniweni, wa makilomita 21, wa pamsewu wopita ku Mulungushi.

Kenako achinyamata a ku tchalitchi cha Reformed anakonza wawo wa makilomita khumi, Loweruka m'mawa, ndipo anapempha Bashi Dennis kuti akhalepo poti makolo ena sakanalola atsikana awo popanda munthu wamkulu. Anavomera. Pomaliza anabwera Mapalo, mdzukulu wawo wa giredi 3, mwana wa Dennis. Ku sukulu kwawo kunali tsiku la masewera Loweruka lomwelo masana, ndipo kunali mpikisano wa azibambo. Dennis amagwira ntchito kutali ku Solwezi. Mapalo anati chaka chapitacho anangoimirira, anzake akukuwira atate awo. Bashi Dennis anafunsa kutalika kwake, ndipo atamva kuti ndi mamita 100 anaseka, amvekere amenewo ndi kuchoka pa benchi kukafika pa mpope wa msika.

Wa m'mawa unayenda bwino. Anamaliza pakati pa gulu, anyamata ambiri ali kumbuyo kwawo atagwira m'nthiti. Anadutsa pamsika thukuta lili chuchuchu, anadya vitumbuwa viwiri ataimirira pa makina anga, n'kundiuza kuti thupi lawo lero likumva ngati la msilikali.

Ku sukulu anawaika pamzere ndi azibambo amsinkhu wa Dennis. Wezulo italira, magazi anawakwera kumutu. Munthu amene nthawi zonse amayamba pang'onopang'ono anadumpha ngati mwana wa mbuzi. Pakati pa bwalo anamva kumbuyo kwa ntchafu ya kumanja ngati wina wawalasa ndi legeni, ndipo anagwa chafufumimba m'fumbi. Aphunzitsi anathamanga kuti awanyamule koma iwo anakana. Anadzuka, anatsimphina mpaka pa chingwe, omaliza, ana onse akuwomba m'manja. Ankaopa kumuyang'ana Mapalo. Mwanayo anabwera, anawasasa agogo akewo fumbi pamalaya, n'kunena kuti: “Bashikulu, munali wachiwiri musanagwe. Ndinaona. Ndawauza onse.”

Madzulo Amake Dennis anawathowa ndi madzi otentha, n'kuwauza kuti aimbire a Suzgo foni kuti za mawa zalephereka. Bashi Dennis anakana. Anati mnzawo wakhala akuyembekeza tsikuli kuyambira mvula itatha, mchemwali wawo wasita kale sikipa, ndipo mwendo ukatenthedwa udzamasuka wokha. Amake Dennis anati chabwino, iwo mawa ali ku tchalitchi, ndipo abusa akafunsa sadzanama.

Lamulungu ine ndinali m'gulu la opereka madzi, pa tebulo limene linali kupitirira pang'ono theka la njira. Kunkazizira, mphepo ikuuluza makapu. Othamanga enieni anadutsa, ena onse anadutsa, koma awiri aja osaoneka. A Suzgo anadzandiuza pambuyo pake kuti anazindikira asanapite patali, chifukwa phazi limodzi la mnzawo linkagunda pansi, linalo likukwekwereza. Atafunsa, Bashi Dennis anaulula zonse. A Suzgo anati tiyeni tiime, mipikisano siitha. Bashi Dennis anati sanadzukire m'mamawa kudzaima.

Pamene ankafika pa tebulo langa, a Suzgo ndiwo anali atagwira mnzawo m'chiuno. Bashi Dennis anakhala pa kireti ya mabotolo kuti amwe madzi, ndipo atayesa kudzuka mwendo unakana. Anayesanso. Nkhope yawo inachita mbuu. A Suzgo anaima pambali pawo, lamba ali m'manja, akuti palibe kanthu, afika patali kuposa mmene ankaganizira.

Apo n'kuti mayi wina atatsika minibasi tsidya la msewu, atavala chitenje chatsopano ndi duku, kachikwama ka Baibulo kukhwapa. Anali Amake Dennis. Anali atafika mpaka pa geti la tchalitchi, mtima unakana, n'kubwerera. Sanawayang'ane amuna awo. Anandipatsa ine kachikwama.

“Ba Suzgo, bweretsani lambayo,” anatero. “Koma ine sindithamanga. Tiyenda ngati anthu.”

“Mulamu, kwatsala kutali,” anatero a Suzgo.

“Ndinkayenda wapansi kupita kumunda ndili ndi Dennis kumbuyo. Manje tiyeni, dzuwa likukwera.”

Nsapato zawo za ku tchalitchi sizikanawafikitsa kulikonse. Bashi Dennis anavula zawo. Zinali zazikulu, ndiye ndinaikamo tinsalu kutsogolo. Amake Dennis anaponda phazi pa kireti, amuna awo anawamanga zingwe pang'onopang'ono, kawirikawiri n'kumafunsa ngati zikuthina. Anayamba kuwalangiza za kanenedwe ka maenje, koma mayiwo anati aona maenje a Kabwe moyo wawo wonse.

Okonza mpikisano anawakweza Bashi Dennis pa galimoto yawo, ine ndinakwera nawo titalongedza tebulo. Tinawapitirira awiri aja akuyenda ndawala, Amake Dennis pakamwa posatseka. A Suzgo akuti za maenje anamvako pang'ono chabe. Zambiri zinali zakuti pano amanga nyumba ya denga lobiriwira koma mawindo anaika okhota, apo mbuzi yakwera pa chulu, uyo watipitirirayo ndi mwana wa malemu uje, wanenepa ngati atate ake. Akuti chichokereni maso awo, palibe anawafotokozerapo tawuni yawo motero.

Kumapeto, anthu anali atayamba kale kupinda matenti. Bashi Dennis anakhala pa mpando wapulasitiki, ayezi atamangidwa pantchafu, maso ali kumsewu. Awiri aja ataonekera pa kona, a Suzgo anamva phokoso la sipika, n'kupempha kuti kagawo kotsalako athamange. Amake Dennis anakweza chitenje pang'ono ndi dzanja limodzi, ndipo anathamanga, nsapato zikuwomba pansi phwa phwa. Amene anatsala pabwalopo anasiya zonse n'kuyamba kukuwa. Bashi Dennis anaiwala mwendo, anaimirira, anagweranso pampando. Mendulo itaikidwa m'khosi mwa a Suzgo, anaipapasa mbali zonse, kenako anafunsa kumene kuli mnzawo. Anawaperekeza, ndipo amuna awiriwo anagwirana manja nthawi yaitali. Amake Dennis anakhala pansi pa udzu, anavula nsapato, n'kupempha madzi. Zidendene zinali zitatuluka matuza.

Ku kiliniki anati mnofu wang'ambika, apume milungu ingapo. Bashi Dennis ankasoka nsapato mwendo uli pa ndowa yovundikira, akufotokozera aliyense za kugwa kwawo, ndipo nkhaniyo inkakula tsiku ndi tsiku. Poti a Suzgo analibe wowatenga, Amake Dennis anayamba kupita ku Chililalila m'mamawa, akuti mpaka mwendo uchire basi.

Mwendo unachira mvula isanagwe, ndipo Bashi Dennis anabwerera pamsewu. Masiku ano a Suzgo amasankha okha woti apite naye. Akafuna thukuta amaitana mnzawo. Akafuna kumva zimene zachitika m'tawuni amaitana mlamu wawo, ndipo masiku otere ndiwo ochuluka. Bashi Dennis amadandaula za zimenezi kwa aliyense wobweretsa nsapato, ulusi uli pakamwa, akumwetulira.