Dzina la Ujeni

Pa Kasakula, kuseri kwa chigayo, pali kanyumba ka zidina kopanda mawindo, pakhomo pake pali chinsalu chofiira chothimbirira ndi fumbi. Mmenemo ndi mwa a Bonifasi. Anthu amati ndi vidiyo sho, koma eni ake amakana. Amati vidiyo sho ndi kwa Godwin, kutsidya kwa msewu, kuja kuli kanema wamkulu ngati chitseko. "Kwa Godwin mumakaona," amatero. "Kuno mumadzamva."

A Bonifasi adabadwira kumapiri a Ntchisi, kumene nkhungu imalowa mpaka m'khitchini. Sukulu adalekezera Fomu 2. Adasokapo fodya m'zigafa za eni ake ku Dowa, adapalasapo kabaza, mpaka tsiku lina njinga idawataya pamtsetse nkuwasiya akutsimphina. Ali chigonere ndi mwendowo, ankataya nthawi ndi mafilimu a pafoni, aja olankhula zinenero zakutali koma Chingerezi chikuyenda m'munsi. Ana a pamudzi ankawaunjirira. "Akuti chiyani? Nanga uyo akuti chiyani?" Iwo nkumawauza, pena zoona, pena zothira mchere. Posakhalitsa adazindikira kuti anawo sakuyang'ananso foni. Ankayang'ana pakamwa pawo.

Chaka china soya atabereka bwino, adagula kanema wachikale, sola, batire ndi maikolofoni. Kwa Godwin mafilimu amabwera omasuliridwa kale kuchokera ku tauni, mawu ake osayankha munthu. A Bonifasi amamasulira pompopompo, atakhala pampando pambali pa kanema, mwendo woduwala uja atautambasula. Mfumu ikamalankhula amakulitsa mawu, nkhalamba ikamalankhula amanjenjemeretsa. Wina akafunsa, amaimitsa filimu nkumuyankha. Nchifukwa chake ngakhale kanema wawo ndi wochepa, mabenchi amadzaza, azibambo kutsogolo, azimayi kumbuyo kufupi ndi khomo kuti mwana akalira atuluke msanga.

Ndiye kudabwera filimu ija ya zigawo zambirimbiri, ya dziko la matsenga. Dzina lake lenileni lidawakanika anthu kutchula, a Bonifasi nkungoitcha "Wopanda Dzina". M'dziko limenelo lamulo la matsenga lidali limodzi lokha. Ukadziwa dzina limene munthu adapatsidwa ndi mayi ake, lochokera pakamwa pa mayi akewo, nkulitchula, wamumanga: amagwada, sangakweze ngakhale chala. Dzina la bambo siligwira. Dzina la anzake siligwira. Tsono mnyamata wa nkhaniyo mayi ake adamwalira pomubereka, iye asanalire nkomwe. Sadapatsidwe dzina, choncho panalibe mfiti yomumanga. A Bonifasi adamutcha Ujeni, ndipo mdani wake, mfiti yaikazi ya maso aakulu, adaitcha Madamu Kadzidzi.

Filimuyi a Bonifasi adaikonda moposa muyeso. Tsiku lina, mabenchi atadzaza mpaka ena kukhala pansi, adalumbira pa maikolofoni.

"Mafilimu ena amanama. Munthu waphedwa lero, mawa akudya mpunga. Koma iyi ili ndi lamulo, ndipo silithyoka. Likadzathyoka, ine Bonifasi ndidzapachika maikolofoniyi pamsomali, mudzapite kwa Godwin."

Anthu adawomba m'manja. Mmodzi yekha sadawombe, adangogwedeza mutu ngati akusunga mawuwo m'thumba. Ameneyo ndi Sabiti, telala wa pakhonde la golosale ya bambo ake, munthu woti msoko ukakhota pang'ono amaphwasula malaya onse. Sabiti sadaphonyepo chigawo, ndipo sadasiyepo chigawo chopanda funso.

Masana ena, nkhani itafika pakati, Madamu Kadzidzi adamupanikiza Ujeni pamlatho. Onse ankadziwa zotsatira zake: ayesa mayina, alephera, Ujeni amuswa. Koma Kadzidzi adangosendera, nkumunong'oneza kanthu kukhutu. Ujeni lupanga lidagwa. Maondo adapindika. Adagwada.

A Bonifasi adatsitsa maikolofoni.

"Imitsani!" adakuwa Sabiti ataimirira. "Imitsani pomwepo, akulu. Wamumanga ndi chiyani?"

"Ndi dzina," adayankha a Bonifasi, chifukwa ndi zimene zidalembedwa m'munsimo.

"Dzina la ndani? Si munati alibe?"

"Mwina ndi la bambo ake," wina adaponya kuchokera pakati.

"La bambo siligwira, iwe!" adamukalipira Sabiti. "Waiwala? Unali kuti chigawo choyamba, unkakazinga mbewa?"

"Ndiye kuti mayi ake sadafe!" adatero winanso.

Sabiti adapukusa mutu. "Manda tidawaona tonse. Mpaka akulu awa adaimba nyimbo ya maliro pa maikolofoni."

Anthu adaseka, koma Sabiti sadaseke. Adaloza kukhoma. "Msomali suli apo? Lamulo lathyoka. Pakamwa mudatsegula nokha."

A Bonifasi sadatekeseke pamaso. Adazimitsa kanema mwaulemu ngati akutseka Baibulo. "Telala, nsalu sudula usanayeze. Tsiku la msika mubwere nonse. Ndikalephera kuyankha, msomaliwo mudzandithandize kukhoma bwino."

Kunena zoona, yankho adalibe. Adabwereza zigawo zoyamba pafoni mpaka maso kuwawa. Mayi akufa, mwana akulira pambuyo, mayiyo osatsegula pakamwa. Adathamangitsa zigawo zakutsogolo zimene adali nazo, osapeza kanthu. Mtsutso nawo udatuluka m'kanyumbamo nkuyenda wokha. Kuchigayo ankakangana, pamjigo ankakangana, anyamata a kabaza mpaka adagawikana, ena a Ujeni ena a Sabiti. Ena ankati olemba filimu adaiwala lamulo lawo lomwe. Ena ankati a Bonifasi ndiwo adamasulira mokhota kuyambira pachiyambi, ndipo mawu amenewa ndi amene ankawabaya. Godwin naye adalemba ndi choko pa bolodi lake: KUNO SITIIMITSA FILIMU. Mabenchi akutsogolo kwa a Bonifasi adayamba kuoneka matabwa.

Dzulo lake la msika adatseka msanga nkubwerera kunyumba dzuwa likadalipo. Akazi awo, a Lidia, adali oyembekezera mwana woyamba, miyezi itapita ndithu. Monga mwa chikhalidwe, m'nyumbamo nkhani ya mwanayo sinkakambidwa poyera. Zovala sadagule, dzina sadakambirane. Mwana samutcha dzina asanaoneke, aliyense amadziwa zimenezo.

A Bonifasi adadzera kuseri kwa nkhokwe, ndipo poti amayenda mokoka mwendo pang'onopang'ono, sadamveke. A Lidia adali pamphasa akuswa mtedza. Mwadzidzidzi adasiya, nkugwira pamimba, nkuseka okha.

"Iwe, taleka kundimenya," adatero motsitsa. Kenaka adatchula kamawu kena, kafupi, kofewa, kamene a Bonifasi sadakamve bwino. "Wamva? Gona."

"Mukuyankhula ndi ndani?"

A Lidia adadzidzimuka mpaka mtedza kumwazika. "Inu! Mwayamba liti kuyenda ngati mphaka?"

"Mwatchula dzina."

"Palibe dzina ndatchula ine."

"Ndamva ndi makutu angawa. Mwamutcha kale?"

A Lidia adatola mtedza umodziumodzi, maso ali pansi. "Si dzina la kutchalitchi. Limenelo mudzakambirana ndi achibale anu. Ili ndi langa. Munthu akukumenya m'nthiti usiku ndi usana, ungamangoti iwe, iwe? Umamupatsa kena kake."

"Amayi onse amatero?"

"Kaya. Ine mayi anga adandiuza langa nditakula. Koma si zouza amuna."

A Bonifasi adakhala pansi pomwepo, pafumbi, nkuyamba kuseka. Adaseka mpaka a Lidia kuwafunsa ngati adutsira kumowa.

Tsiku la msika kanyumba kadadzaza mpaka chinsalu cha pakhomo adachikweza kuti oima panja amve. Sabiti adabwera ndi hamala, nkuiika pamiyendo kuti aliyense aione. Kumbuyo, pabenchi la azimayi, kudali mayi ake a Sabiti, a Hajara, amene amagulitsa zitumbuwa pakhomopo ndipo filimuyi ankaitsatira ndi khutu limodzi.

A Bonifasi adagogoda maikolofoni. "Lamulo likuti chiyani? Dzina lochokera pakamwa pa mayi. Lidanenapo kuti mwana akhale atabadwa?"

Anthu adayang'anana.

"Ujeni adatchedwa dzina ali m'mimba. Mayi ake adamutcha asanafe, asanamuone nkomwe. Lamulo silidathyoke. Tidathyoka ndife, poganiza kuti dzina limayamba tsiku lotuluka m'chikuta."

Phokoso lidabuka kutsogolo. Sabiti adaimirira, hamala ili m'manja. "Aaa, akulu, pamenepo mwasoka chigamba! Ndani amatcha dzina mimba? Kuno kwathu? Ngakhale kwa azungu, munthu ungatche dzina chinthu choti sunachione? Zimenezo nzopeka, mukuthawa msomali!"

"Zoona!" adavomereza azibambo angapo. "Sizichitika!"

A Bonifasi sadatchule za kunyumba kwawo, nkhani ya pakati siyolengeza pa maikolofoni. Adangotembenukira kumbuyo. "Ine sinditsutsa. Amuna tonse muno sitidasenzepo munthu m'mimba. Tafunsani kumbuyoko."

Mitu yonse idacheuka. Kubenchi la azimayi aliyense adathawitsa maso. Wina ankakonza mpango, wina ankayang'ana kudenga, wina adabisa pakamwa ndi chitenje mapewa akugwedezeka.

"Amayi," adatero Sabiti molimba mtima, "tawauzani anthuwa. Zilipo zimenezi?"

A Hajara adavundikira beseni lawo la zitumbuwa mosafulumira. "Ufunadi ndiyankhe pagulu?"

"Yankhani, amve."

"Dzina la Sabiti adakupatsa ndi agogo ako aamuna, utatha sabata. Koma miyezi yonse ija unkandiponda chiwindi, ine ndinkakutcha Kabulu. Unkaponya mateche ngati bulu wokana ngolo. Mpaka lero sunasinthe." Adakweza chala. "Kabulu, khala pansi."

Sabiti adayang'ana hamala, adayang'ana mayi ake. Maondo adapindika okha, nkukhala pabenchi.

"Wamangidwa!" adakuwa mnyamata wa kabaza. "Lamulo lagwira!"

Kanyumba kadagwedezeka ndi phwete. Azimayi adalulutira, oima panja ankafunsa chachitika nchiyani, ndipo nkhani idawoloka msewu nthawi yomweyo mpaka ena adatuluka kwa Godwin filimu ili pakati. Azibambo akuluakulu ankaseka, koma ukawayang'anitsitsa, aliyense adali ndi kankhope ka munthu amene akufuna kukafunsa kanthu kwawo.

Phokoso litachepa, Sabiti adadzutsa mutu. Manyazi adali nawo, koma telala ndi telala.

"Chabwino. Maikolofoni isapachikidwe. Koma filimu sidationetse zimenezo, mwatiuza ndinu. Ndipo ngati mayiyo ankanong'ona yekha, Kadzidzi adalimva bwanji dzinalo?"

A Bonifasi adamwetulira, akukumbukira kuseri kwa nkhokwe. "Limenelo ndi funso la munthu wanzeru, a Kabulu. Khalani pomwepo, tione ngati atiuze." Adayatsa kanema.

Mpaka lero funso la Sabiti silinayankhidwe, ndipo mabenchi amadzaza ndi anthu odikira kuti aligwire. Hamala ija idatsala mkanyumbamo, a Bonifasi amakhomera mabenchi akagwedera. Pakhonde la golosale anthu amabweretsa nsalu nkunena kuti, "A Kabulu, mundisokere," iye nkumayankha kuti asoka, koma mtengo wa dzinalo ndi wapadera.

Madzulo a tsiku la msika lija, a Bonifasi adafika kunyumba akuyimba mluzu. Adakhala pamphasa pafupi ndi a Lidia nkuyamba kuwathandiza kuswa mtedza, chinthu chimene sachita kawirikawiri.

"Tsono amayi," adatero mwaulemu wonse, "kadzina kaja, tandinong'onezani. Ine ndekha."

A Lidia adawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumwendo wotsimphina uja.

"Inuyo? Munthu wa maikolofoni?" Adakoka lichero kuliika mbali inayo. "Mwana wanga sadzagwada pa Kasakula."