Kalabala ka m'chitini cha a Sipanala

A Sipanala anagwira ntchito ya umakaniko zaka makumi anayi, koma chomwe anatsala nacho ndi galimoto imodzi yakalekale yobiriwira. Akazi awo anamwalira zaka zitatu zapitazo, ana ali kutali. Ine ndine telala, shopu yanga inayang'anizana ndi geti lawo.

Galimotoyo inali ndi kamatenda kamodzi. Ikamalira payokha inkamveka bwinobwino, koma ukangoponda moto inkayamba yatsamwa kaye, kuchita ngati ikuzima, kenako n'kudzidzimuka.

Loweruka lililonse ankandikodola. "Atelala, tabwerani mundibwereke phazi."

Ndinkakhala pampando wa dalaivala, iwo atazika mutu m'boneti, akusuzumira kukhosi kwa kabuleta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya.

"Pondani. Siyani. Pondaninso, koma osati ngati mukupalasa makina anu aja."

Ankati ukaponda moto, kapampu ka m'kabuleta kamayenera kulavula petulo pang'ono. Kakapanda kulavula, injini imameza mpweya wokhawokha n'kutsamwa. Kale amene ankawapondera anali malemu akazi awo, ndipo mpando unali pomwe iwo anausiya, kufupi kwambiri ndi chiwongolero. Mawondo anga ankapanikizika, koma sindinayerekeze kuusuntha.

Tinasintha mapulagi, tinatsuka sefa, tinapemerera timabowo tonse, koma matenda osatha. Tikatopa ankaphika tiyi n'kumandisimbira za magalimoto omwe eni ake anapita kalekale. Kunena zoona zinafika ponditopetsa, poti Loweruka ndiye tsiku la makasitomala. Chamumtima ndinkati ukalamba wawalanda luso. Tsiku lina ndinawoloka msewu nditatsimikiza zowauza kuti apeze phazi lina.

Ndisanatsegule pakamwa, anandituma mabawuti m'nyumba. Patebulo panali makapu awiri otsukatsuka, akudikira tiyi wathu. M'chitini cha mabawuti ndinapezamo kalabala katsopano, kadakali m'pepala lake, pepalalo litachita kusuluka. Pamwamba anali atalembapo ndi dzanja lawo kuti "ka pampu". Ndinatuluka nako kukawaonetsa.

"Bambo, aka si komwe takhala tikuvutikira?"

Anakayang'ana nthawi yaitali, akupukuta manja ndi kansanza.

"N'komweko. Kakale kanang'ambika, ndinaona tsiku loyamba lomwe. Kuikamo aka, mphindi khumi sizingathe, yachira."

"Nanga miyezi yonseyi?"

"Ndipo motowo ndikhoza kukoka ndekha ndi dzanja pawaya apa, osafuna phazi la munthu." Anaseka pang'ono, maso ali pansi. "Koma ikachira, atelala, pageti apa adzalowanso ndani?"

Chisoni chinandigwira, manyazi nawo osasiya malo. Mawu omwe ndinabwera nawo aja ndinawameza. Ndinabwezera kalabalako m'chitini, n'kukakhala pampando wa malemu, mawondo atagunda chiwongolero.

"Ndiponde, bambo?"

Anazikanso mutu m'boneti.

"Pondani."